Thirakitala Imene Ndinaimanga ndi Waya

1979, Mitundu

Za ubwana wanga sindilemba, ana anga, chifukwa palibe chimene ndinachita kupatula kuweta mbuzi ndi kulephera mayeso a sitandade 8 kawiri. Moyo wanga ndimauwerenga kuyambira tsiku limene ndinalowa pa geti ya esiteti ina ya fodya ku Mitundu, nditavala nsapato za malume anga, kukafunsira ntchito ya m'galaja. Anandilemba osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa amene analipo ine ndisanabwere anali atathawa ndi masipanala.

Mkulu wa galajayo anali a Sandalamu, bambo wamfupi wochokera ku Thyolo, wouma pakamwa ngati kuti mawu amagula. Sabata yoyamba sanandigwiritse sipanala. Anatsegula giyabokosi ya thirakitala yakufa, nkundipatsa choko, nkunena kuti, "Werengani mano." Ndinawerenga. Giya yaing'ono inali ndi mano khumi ndi awiri, yaikulu imene inkalumana nayo inali ndi makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Anandiuza kuti ndilembe chizindikiro pa iliyonse, kenako ndizungulitse yaing'onoyo ndi dzanja. Inazungulira kanayi, yaikulu ija nkuzungulira kamodzi kokha. Ine ndinati apa ndiye tataya liwiro. "Gwirani yaikuluyo, muiletse," anatero. Ndinaigwira ndi manja onse awiri, iwo nkuzungulitsa yaing'ono ndi zala zitatu zokha, ndipo inandipotokola mikono mpaka ndinaisiya. "Liwiro limene mwati latayikalo silinapite kutali," anatero a Sandalamu. "Lasanduka mphamvu. Ikachedwa kanayi, imakoka kanayi. Mukatembenuza, yaikulu nkumayendetsa yaing'ono, muthamanga ndithu, koma ngakhale mwana akuimitsani. Injini ndi yomweyo. Zonse ziwiri pamodzi palibe anazipeza, ngakhale amene anapanga chitsulochi."

Mathirakitala athu anali ndi ndodo ziwiri za magiya. Yaitali inali ya wani, thuu, firii. Yaifupi inali ndi malo awiri okha, lo ndi hayi. Ukaika pa lo, thirakitala inkayenda mwakuti nkhalamba ikhoza kuipitirira, koma inkazula chitsa. Ukaika pa hayi inkathamanga pamsewu, koma wani wa pa hayi anali wofooka kuposa firii wa pa lo. A Sandalamu anali ndi lamulo lawo limene ngakhale mamanijala ankaliopa: makiyi onse ankakhala pa msomali m'galaja, ndipo thirakitala sinkatuluka pokhapokha makanika ataipereka kiyi ndi dzanja lake. Kupereka kiyi kunali kulumbira kuti chitsulocho chili bwino.

1986

A Sandalamu atapuma ntchito, msomali wa makiyi unakhala wanga. Chaka chomwecho ndinakwatira mayi anu, ndipo ubwenzi wanga ndi Yohane Mbewe unakula. Yohane anali dalaivala wa thirakitala, kwawo kunali kumudzi wina wa ku Nathenje. Anali wamtali, wa mawu a besi, ndipo mu mpingo wathu ndiye ankayambitsa nyimbo pamaliro. Mowa sankaulawa. Tikalandira malipiro, ife tikupita kukanyowetsa kukhosi pamsika wa Mitundu, iye ankakhala panja ndi chikho cha thobwa kudikira kuti atiperekeze. Matenanti ankamutcha a Mawatifika chifukwa cha kayendetsedwe kake. Pachitunda chilichonse ankaima kaye pansi pake, nkuika lo, nkukwera pang'onopang'ono akuyimba. Ndikamuseka ankati, "A Nkhoma, kuthamanga si kufika. Inu mumakonza zitsulo, koma mwendo wanga mulibe sipeya yake."

Iwe Chikondi unabadwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene ananyamula mayi ako pangolo ya thirakitala kukawasiya kuchipatala anali Yohane. Tsiku limenelo lokha ndi limene ndinamuona atayendetsa mwa kufuna kwake pa hayi ulendo wonse. Mkazi wake, Nabanda, ndiye anagona kuchipatalako ndi mayi ako. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe kuti munthu amene ndikumunena m'munsimu sanali mlendo kwa ine.

1993

Chimenechi chinali chaka cha kusowa. M'masitolo a zipangizo m'tauni munali mashelefu okhaokha, ndipo ukafunsa kanthu ankakuyankha kuti kali m'njira. Pa mathirakitala athu atatu, awiri ndinali nditawapha kale kuti ndichiritse imodzi. Umu ndi mmene tinkagwirira ntchito tonse amakanika nthawi imeneyo: kuchotsa pampu apa, beringi apo, mpaka kuseri kwa galaja kunadzaza mitembo ya zitsulo. Tinali ndi manijala watsopano, bwana Gondwe, munthu wophunzira, wosakalipa, koma amene ankaopa eni esiteti kuposa mmene ankaopera Mulungu.

Mu Febuluwale, fodya ali pakati pothyoledwa, giya ya lo ya thirakitala yotsalayo inathothoka mano. Nditatsegula ndinapeza zidutswa zili m'oyilo ngati misere. Za mathirakitala akufa aja zinali zosiyana kukula, sizinalowe. Ndinakwera basi kawiri kupita m'tauni, ndinafika mpaka kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale, koma ndinabwerako chimanjamanja. Ndiye ndinachita zimene makanika aliyense wa kumudzi akanachita. Ndinachotsa zidutswazo, ndinatsuka bokosi, ndinakankhira ndodo yaifupi ija pa hayi, nkuimanga ndi waya kuti wina asaigwedeze. Thirakitala inalira bwinobwino. Ndinauza bwana Gondwe kuti imeneyi ndi yonyamulira fodya kuchokera kumunda basi, pamalo athyathyathya, katundu wopepuka.

Masiku anayi zinayenda. Lachisanu lake nkhuni zinatha. Fodya wathu anali woumitsa ndi moto, ndipo nyumba zoumitsira zisanu ndi imodzi zinali zodzaza. Moto ukazima pakati, tsamba limada nkuola, ndipo thukuta la mabanja onse a pa esiteti limathera pomwepo. Nkhuni zinali zodulidwa kale kumunda wathu wa bulugamu, mbali ya ku Dzalanyama, koma njira yake inkadutsa pa kamtsinje kena kamene tinkakatcha Kachule, ndipo ukangowoloka pamiyala pamenepo unkayamba chitunda chachitali chokhota.

Bwana Gondwe anabwera okha kugalaja m'mawa. "A Nkhoma, ndipatseni kiyi."

"Bwana, ilibe lo. Pa Kachule sikwera ndi nkhuni."

"Injini ndi yabwino?"

"Injini ndi yabwino, koma mphamvu yokwerera phiri imachokera m'giya imene yafayo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, mofatsa ndithu, "Fodya uyu akaola, eni ake adzandifunsa kuti thirakitala inali kuti. Ndidzawauza kuti inali m'galaja, ikulira bwinobwino, makanika atakhalira kiyi. Muganize bwino. Ndamva kuti kunyumba kwanu akuyembekezera."

Zinali zoona. Iwe Madalitso unali m'mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya esiteti. Bwana atachoka, Yohane analowa, chipewa chili m'manja. Sanafunse bwana, anafunsa ine. "A Nkhoma, inu ndiye mwini chitsulochi. Ikwera?"

Pali njira imene madalaivala a malole ofooka amachita: amathamangira chitunda kuchokera patali kuti liwiro liwakankhe mpaka pamwamba. Ndinkadziwa kuti pa Kachule sizingatheke, chifukwa pamiyala ya mumtsinje uyenera kuyenda pang'onopang'ono, ndipo chitunda chimayambira pomwepo. Ndinkadziwa. Koma ndinati, "Ikwera. Mukasenze theka la ngolo, ndipo mukaithamangire." Ndinachotsa kiyi pamsomali nkumupatsa m'manja. Anaiyang'ana, nkunena kuti, "Poti mwanena ndinu," nkutuluka.

Kapitawo wa nkhuni sanamve za theka. Anali atauzidwa kuti moto ukuzima, ndiye anadzaza ngolo mpaka pamwamba, bulugamu wamuwisi. Amuna atatu amene anapakira anandifotokozera pambuyo pake kuti Yohane anawatsitsa onse pamtsinje, nkuwauza kuti akwere chitundacho wapansi. Anawoloka, anaponda mafuta onse, thirakitala inakwera mpaka pokhota, kenako injini inayamba kutsamwa. Anamuona akugwira ndodo yaifupi ija, mwa chizolowezi cha zaka zonse, kufuna kuika lo. Inali yomanga. Injini inazima, ngolo inayamba kukokera m'mbuyo, mabuleki pamatope sanagwire. Ngolo inapinda, thirakitala inagudubuzika nkumugwera. Anafa dzuwa lili pamutu, anthu asanapeze mitengo yotukulira.

Ndinafika pa njinga, bwana Gondwe atafika kale pa galimoto. Yohane anali atafunditsidwa chitenje cha mayi wina wodutsa. Bwana anandikokera pambali. "Chotsani waya uja apolisi asanafike." Ndinatenga pulayala m'thumba, ndinagwada pamatope pafupi ndi mapazi a mnzanga, ndinadula wayayo nkuuponya mumtsinje. Palibe anandigwira dzanja. M'nkhuni zomwazikazo munapezeka botolo la kachasu, la mmodzi mwa opakira aja, amene anaopa kulivomera. Apolisi analemba zimene anauzidwa. Pofika madzulo, esiteti yonse inkanena kuti a Mawatifika ankamwa mobisa.

Maliro a ku Nathenje

Tinanyamula thupi pa lole kupita kwawo. Mbiri ya botolo inali itatsogola kale. Mu mpingo wathu, munthu akafa ataledzera, mpingo suyendetsa mwambo wa maliro ake: palibe nyimbo, palibe ulaliki, achibale amaika okha. M'mawa wa tsiku loika, akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siwa kuti agamule. Sanali anthu ankhanza. Ankamudziwa Yohane kuyambira ali mwana ndipo ankafunafuna chifukwa choti amuyimbire. Atamva kuti makanika wa pa esiteti ali pomwepo, ndiponso ndi mkhristu mnzawo, anandiitana.

Amene ankatsogolera anali bambo wokalamba wa imvi, Baibulo lili pamaondo. "A Nkhoma, tithandizeni. Munthu uyu wayendetsa njira imeneyi zaka zambiri osagwa. Ngati chitsulo chinali ndi vuto, tiuzeni, ife timasuke. Thirakitalayo inali bwino?"

Bwana Gondwe anali atakhala pampando patsogolo pa siwa, patali pang'ono, koma ndinkawaona. Mayi anu anali m'nyumba ya siwa pambali pa Nabanda. Ndinaganiza za waya uja, ndi kuti amene anaumanga ndi ine, amene anapereka kiyi ndi ine, ndipo ndikatsegula pakamwa sindithera pa kuchotsedwa ntchito pokha. Ndinayankha kuti, "Inatuluka m'galaja ikuyenda."

"Ikuyenda bwino?"

"Injini inalibe vuto."

Mawu onsewo anali oona, ndipo ndinawasankha bwino kuti aname. Mkulu uja anatseka maso, nkugwedeza mutu, nkundithokoza. Patapita kanthawi ndinaona amayi a mpingo akutuluka m'siwa mmodzimmodzi, akupita kuseri kukavula mabulauzi awo oyera ndi kuwapinda m'zitenje. Nabanda atawaona anasiya kulira. Anangoyang'ana pakhomo.

Ndapita kumaliro ambiri pa moyo wanga, koma sindinaonenso ena ngati amenewo. Munthu amene ankayambitsa nyimbo pamaliro a aliyense tinamunyamula kuchoka pamudzi mpaka kumanda osamveka nyimbo ngakhale imodzi. Kunkangomveka mapazi, ndi makasu a adzukulu pokwirira. Ine ndinanyamula nawo bokosi, kutsogolo kumanja, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ndine bwenzi lenileni.

1994 mpaka 2016, Nathenje

Giya ya lo inafika patatha miyezi itatu, ndipo ndinaiika m'thirakitala yomweyo, chifukwa inali itangophwanyika mabampa. Chaka chotsatira bwana Gondwe anandilembera kalata yabwino, ndipo eni ake ananditumiza ku esiteti yawo ina ya ku Nathenje monga mkulu wa amakanika, nyumba ya malata, malipiro okwera. Nonse munaphunzira ndi ndalama zimenezo. Esitetiyo inali mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga kuchokera kumudzi kwa Yohane, ndipo zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkazungulira njira yaitali popita kumsika kuti ndisadutse pamenepo.

Kumeneko ndinatchuka ndi kuuma mtima. Ndinagwira ntchito ndi mamanijala anayi, ndipo aliyense anandidandaula. Wina anafuna kuti ndiike pule yaikulu, gudumu loyendetsa lamba, pa injini ya chigayo kuti chizigaya msanga. Ndinamuwerengera kuti chithamanga ndithu, koma chimanga chikachuluka chizitsamwa ndipo nyundo zake zidzatuluka ndi sefa yomwe. Anandinena kuti ndine nkhalamba yotsalira. Wina ndinamukaniza kiyi masiku asanu ndi anayi chifukwa cha mabuleki. Madalaivala ankati a Nkhoma ndi munthu wa chilungamo, saopa bwana. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa kutukwanidwa, chifukwa kulimba mtima kumeneko ndinakupeza nditaika kale munthu m'manda. Mowa ndinausiya, koma m'tchalitchi ndinkakhala kumbuyo, ndipo nyimbo za maliro sindinkatha kuziyimba. Mayi anu anandifunsapo kamodzi kokha, tikubwera kumunda, kuti, "Bambo a Chikondi, thirakitala ija inalidi bwino?" Ndinawakalipira. Sanafunsenso mpaka anamwalira, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa.

2019

Mlandu suola. Nditapuma ntchito, mayi anu atapita, ndinalibenso nyumba ya esiteti yoti ndiitaye kapena bwana woti ndimuope, komabe zinanditengera zaka zitatu. Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinapopa njinga nkulowera njira imene ndinkaithawa ija.

Nabanda ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba. Anali atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala, koma mawu anga anawazindikira ndisanatchule dzina. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, anandipepesa za mayi anu. Kenako ndinawauza zonse, monga ndalembera pano, osasiya waya kapena pulayala, kapena mawu amene ndinayankha pansi pa mango paja. Sanandidule. Manja awo anapitiriza kusenda.

Nditamaliza anati, "A Nkhoma, zoti bambo a kuno sankamwa simukundiuza ndinu. Ndinagona nawo nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu. Mwana wawo woyamba anatuluka mu mpingo tsiku lomwelo, mpaka lero salowamo. Kusukulu ankamunena kuti ndi mwana wa chidakwa chobisala."

Ndinati ndili wokonzeka kukaima pamaso pa mpingo Lamulungu, ndikanene zonse, ndipo ngati akulu angalole tikayimbe pamanda.

"Mukanene ndithu, ana amve," anatero. "Koma a pansi pa mango paja anatha onse. Amene alipo pano sakuwadziwa nkomwe. Ndipo nyimbo ija imayimbidwa dothi lisanathiridwe."

Nkhuku zinkatola nyemba zogwa pansi, ife osazithamangitsa. Ndinaganiza kuti zatha, ndinayamba kufuna kutsanzika, koma anaika lichero pansi nkutembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Chimodzi chokha ndifunse. Pokwera chitsulocho m'mawa umenewo, iwo ankadziwa kuti nchowonongeka?"

"Ankadziwa kuti ilibe lo. Anandifunsa ngati ikwera."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati ikwera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye anapita ndi mtima wokhazikika," anatero. "Zaka zonsezi ndinkadzifunsa kuti munthu wosamala ngati uja analowa bwanji pamenepo. Kunyumba kuno ankati, a Nkhoma akapereka kiyi, ukhoza kukwezapo ana ako."

Lamulungu lotsatira ndinakaima kutsogolo m'tchalitchi cha kwawoko ndipo ndinanena. Anthu anamvetsera mwaulemu, ambiri akufunsana kuti Yohane Mbewe anali ndani. Mwana wake sanabwere. Nabanda anamwalira chaka chatha, ndipo anawayimbira kuchokera pakhomo mpaka kumanda, nkuwaika pafupi ndi mwamuna wawo. Ine ndinaima kumbuyo. Nyimbo zonsezo Yohane nayenso ankazimva, ngati akufa amamva, koma sizinali zake.

Ana anga, wina akadzakuuzani kuti bambo anu anali makanika wa chilungamo, musadzatsutsane naye, koma mudzamuuze dzina ili. Yohane Mbewe sankamwa mowa. Anandifunsa, ndipo ndinamuyankha kuti ikwera.